Mpingo wa Amalawi ku Scotland uzitulukako panja

Mmalawi amene akukhala ku Scotland, kaya anapitira sukulu, unamwino kapena ntchito yosamalira okalamba, ali ndi masiku awiri okha pa sabata amene angawatche ake, ndipo owalimbirana masikuwo ndi ambiri. Abwana akufuna woti agwire shifiti ya Loweruka usiku. Kumudzi foni ikungolira, mwana atsala pang'ono kumuthamangitsa kusukulu chifukwa cha fizi, feteleza wakwera, denga likudontha. Mpingo ukudikira munthu wake Lamulungu, kwaya ikufuna Loweruka masana, amayi ali ndi msonkhano wawo. Thupi nalo likupempha tulo. Pamzere wautali chonchi, zopita kokaona malo zimakhala kumapeto kwenikweni, ndipo ambiri amaziona ngati za azungu, za anthu amene ndalama zawachulukira, kapena za achinyamata ofuna zithunzi zoika pa Facebook. M'magulu ena, munthu amene wajomba mapemphero chifukwa anali ku Loch Lomond amamuyang'ana ndi diso lofiira kuposa amene wajomba chifukwa anali ku ovataimu. Ine ndikuona kuti pamenepa zinthu tazitembenuza. Kuyenda kukaona dziko limene ukukhalamo ndi ntchito imene mpingo wa anthu okhala kunja uyenera kuisenza wokha, n'kuilemba pa ndondomeko ya chaka monga momwe umalembera ubatizo, mgonero ndi Pepa Sande.

Ndisanapite patali, mpingo ndiupatse ulemu wake, chifukwa palibe chinthu china chimene chagwira Amalawi kunja kuposa iwo. Wofika kumene, amene sakudziwa pokwerera basi, amamva za chipinda cha lendi yotsika akapita kokapemphera. Kumeneko ndi kumene amauzidwa sitolo yogulitsa ufa woyera, kumene amapatsidwa jekete yoyamba ya nyengo yozizira, kumene amamvanso dzina lake likutchulidwa bwino patatha sabata yathunthu anthu akulipotoza. Pakagwa zovuta, ndi anthu omwewa amene amasonkha mapaundi zikwi zingapo kuti thupi likaikidwe kwawo, ndi omwewa amene amagona pansi m'nyumba ya maliro kuchezera ndi nyimbo mpaka kucha. Taonani momwe Lamulungu lawo limayendera. Nthawi zambiri nyumba yopemphereramo ndi yobwereka, choncho amalowa masana eni ake atatuluka. Amayi amamanga zitenje pamwamba pa zovala zokhuthala, mapoto a mpunga, nyemba ndi nkhuku ali pamzere kukhitchini, achinyamata akulumikiza mawaya a zoimbira, ana akuthamangathamanga pakati pa mipando n'kumayankha m'Chingerezi mafunso ofunsidwa m'Chichewa. Nyimbo ikangoyamba, munthu amene wakhala masiku asanu akusambitsa ndi kudyetsa makolo a anthu ena amawongoka msana. Amene amanyoza maola atatu kapena anayi amenewa sakudziwa kulemera kwa sabata imene anthuwa achokamo.

Koma chinthu chimene chimateteza chimathanso kutsekera. Moyo wa anthu ambiri umangozungulira malo anayi: chipinda, kuntchito, sitolo ndi tchalitchi. Munthu akhoza kutha zaka zisanu ku Glasgow asanaone phiri lililonse la dzikolo, asanalowe m'nyumba ya mbadwa ya komweko ngati mlendo woitanidwa, asakudziwa chifukwa chimene msewu umene amadutsamo tsiku ndi tsiku unapatsidwira dzina lake. Izi si zachilendo m'mbiri yathu. Agogo athu amene ankapita ku Joni ndi ku Halale kudzera ku Wenela ndi ku Mthandizi ankatha zaka pakati pa komboni ndi mgodi kapena munda wa mzungu, n'kubwerako ndi njinga, wailesi ndi bulangeti, koma dziko limene anakhetsamo thukuta asanalione. Iwo anali ndi chifukwa: malamulo a tsankho ndi chitupa sizinkawalola kuyenda momwe afunira. Mdzukulu wawo amene ali ku Edinburgh lero alibe mlonda pageti. Ngati moyo wake ukufanana ndi wa pakomboni, mpandawo wamangidwa ndi ndandanda ya mashifiti, ndi mantha, komanso, tinene zoona, ndi mpingo umene umadzaza Loweruka ndi Lamulungu lililonse ndi misonkhano ya anthu omwewo m'chipinda chomwecho. Mneneri Yeremiya polembera kalata anthu a mtundu wake amene anali ku ukapolo ku Babulo sanawauze kuti adzitsekere n'kumawerenga masiku. Anawauza kuti akhazikike, alime, ndipo mzinda wa eni akewo aufunire zabwino ndi kuupempherera. Kodi mzinda umene sunauone ungaufunire zabwino bwanji?

Ku Scotland nkhaniyi ili ndi kulemera kwina, chifukwa Mkhristu wa ku Malawi, makamaka wa CCAP, akamayenda m'dzikomo amayenda m'mbiri ya mpingo wake womwe. Kuchoka pa Glasgow Central pa sitima, pasanathe theka la ola munthu amatsika pa siteshoni yolembedwa Blantyre. Ndi tauni yaing'ono m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndipo pafupi ndi mtsinjewo pali nyumba yoyera yosanja yotchedwa Shuttle Row, momwe munkakhala mabanja 24 a anthu ogwira ntchito pa fakitale ya thonje. David Livingstone anabadwira m'chipinda chimodzi cha nyumbayi pa 19 Marichi 1813. Chipindacho chilipo mpaka lero, ndipo chimene chimadabwitsa ndi kuchepa kwake: pophikira, podyera ndi pogona pa banja lonse, makolo ndi ana, zonse m'kachipinda kamodzi, mabedi olowa m'khoma. Ali ndi zaka 10 analowa ntchito yolumikiza ulusi woduka pa makina, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, kenako n'kupita kusukulu ya usiku. Mmalawi amene anakula akumva dzina la Livingstone ngati la munthu wotsika kumwamba amatuluka m'chipindamo atadziwa kuti anali mwana wa amphawi, wogona mothithikana monga amagonera ana a ku Ndirande kapena ku Mtandire. Mzinda wathu wa Blantyre unatenga dzina ku kamudzi kameneka pamene amishoni a Church of Scotland anakhazikika pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru mu 1876, patangotha chaka chimodzi anzawo a Free Church atalowetsa sitima ya Ilala m'nyanja yathu n'kuyamba ntchito ku Cape Maclear.

Nyumbayi itatsegulidwanso mu 2021, ataikonza, inayamba kufotokoza momveka za anthu akuda amene popanda iwo Livingstone sakanayenda ngakhale mtunda wa tsiku limodzi. Pakati pawo pali Abdullah Susi ndi James Chuma. Chuma anali Myao amene anamasulidwa m'manja mwa ogula akapolo ali kamnyamata mu 1861, m'dera lomwe lero ndi kumwera kwa Malawi. Livingstone atamwalira kwa Chitambo, m'dziko lomwe tsopano ndi Zambia, mu 1873, anthu amenewa ndi anzawo anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, thupi analiumitsa, n'kulinyamula miyezi yambiri mpaka ku Bagamoyo kugombe la nyanja ya mchere, ndipo mu Epulo 1874 linaikidwa ku Westminster Abbey ku London. Anachita zimene Amalawi a ku Scotland amachita lero mnzawo akatsikira kuli chete: anaonetsetsa kuti mlendo akagone kwawo. Ndikaganiza za ana obadwira kunja, amene Chichewa chawo chikuthera pa moni ndi zikomo, amene kusukulu amamva za Africa pokhapokha pakakhala njala kapena chigumula, sindikuona phunziro la Sande Sukulu limene lingawapatse zimene angapeze ataima pamaso pa nkhani ya Chuma, makolo awo ali pambali kuwauza kuti munthu uyu anali wa kwathu. Mwana wotere amabwerako akudziwa kuti ubale wa mayiko awiriwa sunayambe ndi viza ya mayi ake.

Ulendo wina, wa ku kachilumba ka Iona, ndi wautali ndipo umafuna kugonako. Munthu amafika ku Oban, n'kuwoloka pa sitima ya pamadzi kupita pa chilumba cha Mull, n'kudutsa chilumbacho pa basi mpaka ku Fionnphort, kenako kuwolokanso kwa mphindi zowerengeka. Pa kachilumba kameneka ndi pamene mlaliki Columba anakocheza kuchokera ku Ireland m'chaka cha 563, ndipo kuchokera pomwepo uthenga unafalikira kwa anthu ambiri a kumpoto kwa dzikolo. Kutanthauza kuti eni dzikowa nawonso anaulandira kwa alendo obwera pa bwato, monga ife tinaulandirira patapita zaka zoposa 1,300. Mfundo imeneyi imasintha kaimidwe ka munthu, makamaka akaiika pambali pa zimene maso ake akuona m'misewu. Pa kalembera wa 2022, anthu 51 pa 100 alionse ku Scotland ananena kuti alibe chipembedzo. Church of Scotland, imene m'zaka za m'ma 1950 inali ndi mamembala oposa 1.3 miliyoni, inatsala ndi osakwana 300,000 pofika 2022, ndipo nyumba zambiri zopemphereramo zagulitsidwa, zina zasanduka malo odyera, zina nyumba zogona, zina malo omwera mowa. Mkhristu amene amangokhala m'gulu la Amalawi okhaokha amamva izi ngati mphekesera, n'kupukusa mutu kuti azungu anataya Mulungu. Amene wayenda, n'kulowa m'katchalitchi ka m'mudzi wa kumapiri, n'kupeza agogo khumi ndi awiri akuimba salimo ndi mawu onjenjemera koma osagonja, sangalankhulenso mopepuka choncho. Amaona kuti anthuwa ndi abale ake, ndipo amayamba kudzifunsa ngati iyeyo alibe choti awapatse. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko sikameta aliyense ngati mlendo sakutuluka m'chipinda chimene anamufikitsiramo.

Tsopano ndimve otsutsa, ndipo oyamba ndi amene akuti tsiku la Ambuye ndi lopatulika, silochitira maulendo. Mawu amenewa sindiwapeputsa, ndipo amene anatiphunzitsa kuwalemekeza ndi anthu a ku Scotland omwewo. Eric Liddell anakana kuthamanga mpikisano wa mamita 100 pa masewero a Olympics ku Paris mu 1924 chifukwa mipikisano yoyambirira inagwa Lamulungu, ndipo anakapambana wa mamita 400. Pa chilumba cha Lewis, sitima ya pamadzi sinkanyamuka ku Stornoway Lamulungu mpaka mu 2009. A Adventist nawo amasunga Sabata lawo kuchokera Lachisanu dzuwa litalowa mpaka Loweruka litalowanso, ndipo salisinthanitsa ndi kanthu. Palibe amene akupempha anthu amenewa kuti aphwanye chikumbumtima chawo. Kumapeto kwa sabata kuli masiku awiri: wopemphera Lamulungu ali ndi Loweruka, wopemphera Loweruka ali ndi Lamulungu. Ndipo ngakhale ulendo utagwera pa tsiku lopembedza, kodi kumene mukupitako kulibe nyumba ya Mulungu? Gulu limene lakafika ku Oban kapena ku Inverness n'kulowa m'tchalitchi cha komweko, n'kupempha mpata woimba nyimbo imodzi ya m'Chichewa, lasunga tsikulo bwino lomwe. Chimene chimandivuta ndi ichi: mbala yeniyeni ya tsiku la Ambuye pakati pa Amalawi okhala kunja ndi shifiti, ndipo mbala imeneyi timaikhululukira msanga chifukwa imabweretsa chakhumi. Wina ntchito yake ndi yosamalira odwala, ndipo odwala sadikira Lolemba. Ameneyo alibe mlandu. Koma alipo ambiri amene amatola shifiti iliyonse imene yapezeka, sabata ndi sabata, mpaka ana awo kuwaiwala nkhope. Ngati abusa akufuna kulalikira za kupumula, ayambire pamenepo.

Otsutsa achiwiri akunena za ndalama, ndipo awa ndi amene ali ndi mfundo yolimba kuposa onse. Amati tinabwera kudzasaka, sitinabwere kudzacheza. Paundi iliyonse imene yathera pa tikiti ya sitima ndi paundi imene sinafike kumudzi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabanja ambiri anatsamira kwambiri pa wachibale amene ali kunja, ndipo wophunzira amene lamulo limamulola kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata sukulu ili mkati alibe zoti amwaze. Zonsezi n'zoona. Koma tiwerengere bwinobwino. National Museum of Scotland ku Edinburgh salipiritsa polowa. Kelvingrove ku Glasgow salipiritsa. Kukwera phiri la Arthur's Seat, limene lili pakati pa mzinda wa Edinburgh, kumafuna nsapato zokha. Lamulo la mu 2003 linapatsa aliyense ufulu woyenda pansi m'mapiri, m'nkhalango ndi m'magombe ambiri a dzikolo malinga asaononge kanthu. Kuyambira mu 2022, ana ndi achinyamata osakwana zaka 22 okhala ku Scotland amakwera basi mwaulere akakhala ndi khadi lake. Anthu 40 akasonkherana kubwereka basi imodzi, aliyense atanyamula kamba wake, mandasi, mpunga ndi tiyi wa m'fulasiki, ndalama imene amalipira mmodzi siifika pa imene imathera pa nsalu ya yunifolomu ya ukwati umodzi. Ndipo pali kuwerengera kwina kumene timakuzemba. Mu Disembala dzuwa la ku Edinburgh limaoneka maola pafupifupi 7 okha, n'kulowa 4 koloko isanakwane. Wogwira usiku amatha masabata osaliona n'komwe. A zaumoyo amalangiza anthu akhungu lakuda kumwa vitamini D chaka chonse chifukwa cha kusowa kwa dzuwa kumeneku. Munthu wokhala mumdima, yekhayekha, akugwira ntchito yolemetsa ndi kusenza mavuto a mudzi wonse pafoni, amadwala maganizo, ndipo ife nthenda imeneyi timachedwa kuitchula. Akagwa iyeyo, fizi ya mwana uja imagwa naye limodzi. Amene amakama ng'ombe amadziwa kuti iyenera kutuluka m'khola kukadya msipu. Abale akumudzi amene amakonda m'bale wawo sayenera kumuchitira nsanje Loweruka limodzi la mphepo yabwino.

Pa za zithunzi ndivomereza mwachangu, chifukwa odandaula akunena zoona. Chithunzi cha munthu ataima pa chipale chofewa atavala jekete yatsopano, chikafika pa foni ya mng'ono wake ku Mchinji, chimanama. Sichionetsa chipinda chogona anthu atatu, sichionetsa mapazi otupa, ndipo chakopa achinyamata ena kugulitsa munda kuti alipire anthu achinyengo owalonjeza ntchito kunja. Koma vuto pamenepa ndi mtima wofuna kuonedwa, ndipo mtima umenewo umalowanso m'tchalitchi, umavala suti, umavina popereka. Mankhwala ake si kukhala pakhomo. Ulendo umene wakonzedwa ndi mpingo, wokhala ndi wina amene wawerengako mbiri ya malowo, wokhala ndi nthawi yokhala pansi n'kufunsana zimene taona, umatembenuza maso a munthu kuchoka pa iye mwini kupita pa chinthu chimene chili patsogolo pake.

Palinso achinyamata ophunzira amene amafunsa kuti, tipitirenji kukagwadira zipilala za anthu amene anatsegulira njira atsamunda? Funso limeneli ndi labwino, ndipo yankho lake ndi lakuti amene wayenda ndiye amakhala ndi umboni wolifunsira bwino. Thonje limene Livingstone ankalumikiza ali mwana linkalimidwa ndi akapolo kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Buchanan Street, msewu wa masitolo umene Amalawi a ku Glasgow amagulamo zovala, unatchedwa dzina la munthu wolemera ndi malonda a fodya wolimidwa ndi akapolo. Kampani imene tonse timaidziwa kuti Mandala inabadwira ku Glasgow mu 1878, ndipo minda ya ku Magomero, kumene thangata anafika poipa mpaka John Chilembwe anadzuka mu 1915, inali ya banja la mkamwini wa Livingstone, Alexander Low Bruce. Zonsezi munthu amazimva mosiyana akaima pamalo pamene ndalamazo zinkafikira. Koma akapitirira kumpoto, ku Sutherland, amapeza zigwa zopanda anthu ndi mabwinja a miyala, pamene eni malo m'zaka zoyambirira za m'ma 1800 anathamangitsa alimi osauka, nyumba zina n'kuzitentha, kuti aweterepo nkhosa. Amazindikira kuti kulandidwa malo si chilonda cha munthu wakuda yekha. Ndipo akakwera pa The Mound ku Edinburgh, pamene pamachitikira msonkhano waukulu wa Church of Scotland, akumbuke kuti mu 1959, boma la atsamunda litamanga atsogoleri athu, msonkhano umenewu unalankhula poyera kuikira kumbuyo anthu a ku Nyasaland pa nkhani ya chitaganya. Dr Kamuzu Banda, kaya ulamuliro wake wa pambuyo pake tiuweruza bwanji, anali atadzozedwa kukhala mkulu wa mpingo mumzinda womwewo zaka zambiri m'mbuyomo, chifukwa sanadzipatule kwa eni dziko, ndipo ubale umenewo unagwira ntchito pa tsiku la mavuto. Mbiriyi ili ndi zoyera ndi zakuda zolukanalukana, ndipo mwana wathu ndi bwino aione yonse. Kuyambira 2022 mpaka 2024 chosema cha Chilembwe atavala chipewa chake, chopangidwa ndi Mmalawi Samson Kambalu, chinaima pa Trafalgar Square pakati pa London. Ndi mipingo ingati ya Amalawi ku Britain imene inatenga ana ake kukachiona chisanachotsedwe?

Wina anganene kuti, chabwino, kuyenda n'kofunika, koma mpingo ukulowapo chiyani? Aliyense ali ndi foni, akhoza kugula tikiti n'kupita yekha. Amene angathe kutero ndi amene ali ndi galimoto, Chingerezi chosadodoma ndi mnzake woyenda naye. Otsala ndiwo ambiri. Mu Marichi 2024, obwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba analetsedwa kubwera ndi mabanja awo, choncho pali amayi ambiri amene amuna ndi ana awo ali ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, ndipo tsiku lopuma amalithera pabedi akuyang'ana foni. Pali agogo amene anaitanidwa kudzalera mdzukulu kwa miyezi isanu ndi umodzi, amene amabwerera kumudzi ataona khitchini ndi bwalo la ndege basi. Pali mnyamata amene amaopa kulowa m'mudzi wa azungu okhaokha ali yekha, ndipo mantha akewo ali ndi pochokera, poti tsankho lilipo. Anthu otere sadzapita kulikonse pokhapokha wina atawagwira dzanja, ndipo gulu lokhalo limene lili ndi mayina awo, limene amalikhulupirira, limene lili ndi msungichuma ndi komiti yodziwa kusonkhetsa, ndi mpingo. Kuwonjezera apo, pa basi pamachitika zimene sizichitika pa benchi. Munthu amene Lamulungu lililonse amayankha kuti ali bwino, akakhala maola awiri pambali pa mayi wa Mvano msewu ukupita, amayamba kunena zimene zikumudya. Akatolika ali ndi mwambo wa maulendo a chipembedzo kale, ndipo pafupi ndi Motherwell pali Carfin Grotto, malo amene anamangidwa ndi manja a anthu wamba a m'migodi ya malasha n'kutsegulidwa mu 1922. Ena tingaphunzire kwa iwo. Ndipo basi ya ku Loch Lomond siifunsa kalata ya ubatizo. M'bale wathu Msilamu wa ku Mangochi, ndi uja amene anasiya kupemphera kalekale, akhoza kukwera nawo popanda kumva kuti akukokedwa.

Ambiri mwa anthuwa amati tsiku lina adzabwerera, poti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Amene anaphunzira kunja kuima pamalo n'kufunsa kuti pano panachitika chiyani adzafika kumudzi ndi maso ena. Adzachita manyazi kuti anaona Blantyre wa pa Clyde koma sanalowepo mu St Michael and All Angels, tchalitchi chimene anthu a kwathu anaumba njerwa zake n'kuchimanga pakati pa 1888 ndi 1891. Adzafuna kukwera ku Khondowe, kukaona zojambula za pamiyala za ku Chongoni, kukafika ku Mua ndi ku Likoma. Malo amenewa akhala akudikira alendo ochokera kunja kwa nthawi yaitali, eni ake tikuwadutsa pa minibasi.

Choncho pempho langa likupita kwa inu abusa, akulu a mpingo, atsogoleri a miphakati ndi amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Umanyano amene mukutumikira ku Glasgow, ku Edinburgh, ku Aberdeen ndi ku Dundee. Pokonza ndondomeko ya chaka chamawa, siyani masiku awiri kapena atatu a Loweruka pakati pa Meyi ndi Ogasiti, pamene dzuwa limachedwa kulowa, opanda msonkhano uliwonse. Lengezani masiku amenewo kudakali miyezi iwiri kuti a mashifiti apemphe tchuthi nthawi ilipo. Patulani kandalama m'thumba la mpingo kolipirira amene sangakwanitse, ndipo muwalipirire mwakachetechete. Lemberani kalata mpingo wa kumene mukupitako kuti akudikireni. Ulendo woyamba ukhale wa ku Blantyre, ndipo ana akhale kutsogolo.